PlayStation yakale ikakana kuwerenga chimbale: mafunso ndi mayankho

Ma PlayStation ambiri amafika patebulo langa mwini wake atagamula kale mlandu kunyumba: "Diso lafa, ndipezereni lina." Diso ndi kachipangizo ka laser kamene kamawerenga chimbale. Ndikatsegula, kawirikawiri ndimapeza diso lili moyo. Chovuta chimakhala fumbi, girisi wouma, lamba wotha mphamvu, kapena kachingwe kamene kamatuka. Makinawa akalamba tsopano. PlayStation yoyamba inatuluka ku Japan mu Disembala 1994, PlayStation 2 mu Malichi 2000, ndipo pofika 2013 Sony inali itasiya kupanga PS2. Palibenso ina imene idzachoke ku fakitale, choncho iliyonse yophedwa ndi dzanja lopupuluma yapita basi. N'chifukwa chake mayankhowa akuyambira pa zotsika mtengo, zomwe mukhoza kubwezeretsa mmene zinalili.

PS2 yanga ikulemba kuti "Disc Read Error". Ndiye kuti diso lafa?

Si nthawi zonse. Mawuwo akungonena kuti makina ayesa kuwerenga n'kulephera, sakutchula chifukwa. Kuti gemu iyambe, zinthu zingapo ziyenera kugwirizana. Makina adziwe kuti thireyi kapena chivindikiro chatsekeka. Kangolo konyamula diso katsetsereke mpaka pakati pa chimbale. Laser iyake, lenzi ikwere ndi kutsika mpaka ipeze pomwe ikuona bwino, kenako mota izungulitse chimbale pa liwiro loyenera. Chimodzi chikaphonya, uthenga ndi womwewo.

Musanagwire screwdriver, yesani ichi. Yatsani makina opanda chimbale, dinani batani la triangle, sankhani Console, dinaninso triangle, muike Diagnosis pa On, kenako muike chimbale. Makina amayesa kudzikonza okha mmene akuwerengera. Sizichiritsa diso lotopa, ndipo mukazimitsa zimabwerera pa Off, koma ndi zaulere.

Ndingadziwe bwanji pomwe pali vuto ndisanatsegule?

Sonkhanitsani zimbale zamitundu yosiyana, zonse zoyera bwino: CD yanyimbo yogula, gemu ya PS1 yakuda kunsi, gemu ya PS2 yabuluu kunsi, ndi gemu ya PS2 yasiliva. Yabuluu ndi CD, yasiliva ndi DVD. Kusiyanitsaku n'kofunika chifukwa m'diso la PS2 muli ma laser awiri. Ya CD imatulutsa kuwala kwa 780 nm, komwe maso athu sakuona kwenikweni, pomwe ya DVD imatulutsa kofiira kwa 650 nm. Iliyonse imakalamba payokha.

Ngati makina akuwerenga ma CD onse n'kukana ma DVD onse, kapena mosemphanitsa, mota ndi kangolo zili bwino, vuto lili m'diso momwemo. Ngati akukana zonse, musafulumire kuweruza diso, chifukwa si kawirikawiri kuti ma laser awiri afe tsiku limodzi. Yang'anani kaye fumbi, zingwe ndi mota. Ngati magemu ena onse akuyenda koma God of War kapena Gran Turismo 4 ikukana, diso layamba kufooka. Zimbale zimenezi zili ndi magawo awiri osanjikizana, okwana 8.5 GB m'malo mwa 4.7 GB, ndipo ndi zimene diso lotopa limayamba kugonjera.

Kenako tcherani khutu. Zimitsani wailesi, ikani khutu pafupi. Kaphokoso ka "tiki, tiki" kawiri kapena katatu kenako zii, ndi lenzi imene ikufunafuna chimbale osachipeza. "Khrrr" wokukuta ndi kangolo komwe kakakamira kapena mano ake akudumpha. Chimbale chikamazungulira, kuima, kuzunguliranso, diso likuona koma silikugwira mzere.

Potsegula ndisamale chiyani?

Zulani pulagi kukhoma, osati kungozimitsa batani. Mu PS1 ndi mu PS2 yaikulu, imene ambiri amaitcha fat, gawo lamagetsi lili m'kati momwemo, ndipo ma capacitor ake amasunga moto kwa kanthawi ngakhale mutazula. Gawo limenelo musaligwire.

Ma screw a fat ali kunsi, obisika ndi timapazi talabala ndi tizivindikiro tapulasitiki. Ndi otalika mosiyana, choncho jambulani kunsi kwa makina papepala n'kumaika screw iliyonse pamalo pake. Yaitali ikalowa pa bowo la yaifupi ikhoza kuboola bolodi la zamagetsi la m'kati. Ponyamula chivindikiro chapamwamba pitani pang'onopang'ono, chifukwa pa mitundu yambiri kachingwe kopyapyala ka mabatani a reset ndi eject kamalumikiza chivindikirocho ndi thupi la makina. Ndaona ambiri ataduka pamenepa. Jambulani ndi foni pa sitepe iliyonse.

Ngati mwayatsa makina ali otsegula, musasuzumire m'diso. Kuwala kwa CD sikuoneka, koma kumavulaza maso.

Diso ndilipukute ndi chiyani?

Ndi kathonje ka m'makutu ndi isopropyl alcohol wa 90% kupita m'mwamba, amene okonza mafoni amagwiritsa ntchito. Sipiriti wapepo uja wa m'sitolo ali ndi utoto umene umatsalira pa lenzi. Petulo, thinner ndi chochotsera utoto wa m'zikhadabo zimadya pulasitiki, ndipo lenziyo ndi yapulasitiki.

Nyowetsani thonje pang'ono, lisachite kudontha. Lenzi imalendewera pa timawaya towonda ngati tsitsi, ndipo mukaikhudza muona ikunjenjemera. Izunguliteni mopepuka kawiri kapena katatu, mupukute ndi mbali youma, mudikire mphindi zingapo. Muunikeni ndi tochi chammbali: lenzi yoyera imanyezimira mobiriwira pang'ono, yakuda imaoneka ngati yakutidwa ndi nkhungu.

Kwathu kuno fumbi la Ogasiti mpaka Okutobala limalowa paliponse, ndipo fani ya PS2 imalikoka tsiku lonse. Choipa kwambiri ndi utsi, kaya wa mbaula, wa fodya kapena wa mafuta okazingira. Umasiya kanthu konanda komwe fumbi limamatirapo, ndipo kupemerera mpweya sikuchotsa. Zimbale zija zokhala ndi timaburashi zimene amati zimapukuta diso sindizikhulupirira: zimamenya lenzi pa liwiro lalikulu, litsiro lonandalo n'kulisiya pomwepo.

Ndapukuta koma ikukukutabe. Nanga pamenepa?

Yang'anani njira imene diso limayendamo. Kangolo kamatsetsereka pa tinjanji tachitsulo, ndipo kamakokedwa ndi kachitsulo kamazinga kamene mota yaing'ono imazungulitsa. Girisi wa ku fakitale akatha zaka 20 amauma n'kukhala ngati phula losakaniza ndi mchenga. Makina ali ozima, zungulitsani kachitsuloko ndi chala, muone ngati kangolo kakuyenda mofewa kuchoka pakati mpaka kunja. Musakankhe kangolo mwamphamvu. Kali ndi kadzanja kapulasitiki komwe mano ake amalowa m'mazingamo, ndipo mano amenewa akaperepeseka ndi amene amabweretsa phokoso lokukuta lija. Kadzanjako kamagulitsidwa pakokha, sipafunika diso lonse.

Pukutani girisi wakale yense, muchotse tsitsi ndi ulusi zimene zazengerera. Mupake watsopano, wa silicone kapena wa white lithium, wochepa ngati kambewu ka mapira pa njanji iliyonse. Mafuta ophikira amauma n'kumata. Oyilo wa galimoto ndi mafuta opopera omasulira mabawuti amayenderera mpaka pa lenzi. Ndipo mukapeza ndowe za mphemvu, yeretsani makina onse, chifukwa mphemvu zimakonda kutentha kwa gawo lamagetsi ndipo zimawononga bolodi.

Thireyi ikukana kutuluka, kapena imatuluka theka.

Pa fat zambiri uyu ndi lamba. Mota ya thireyi imakoka magiya kudzera pa kalamba kalabala, komwe kakakalamba kamatamuka n'kumaterera. Mumva mota ikulira koma thireyi ili chiimire. Kachotseni, kapukuteni pamodzi ndi timawilo take. Ngati kakutererabe, pezani kena kofanana kukula. Okonza ma DVD player ndi mawailesi amakhala nato. Labala yomangira ndalama imagwira masabata ochepa kenako imaduka. Pobwezera thireyi onetsetsani kuti magiya akumana pomwe analili, apo ayi idzatsekeka diso lisanakwere.

Slim yanga ikukanda zimbale mozungulira.

Lekani kuikamo zimbale mpaka mutakonza. PS2 yopyapyala, yotchedwa slim, imene inayamba ndi mtundu wa SCPH-70000 mu 2004, ili ndi kachingwe kopyapyala kofiirira kochokera kudiso, komatidwa pansi ndi guluu. Guluuyo akatha mphamvu, kachingwe kamatukuka diso likamayenda n'kumakhula kunsi kwa chimbale. Mzere wozungulira wotere ndi woipa kuposa mikwingwirima ina yonse chifukwa umatsata njira yomwe diso limawerenga. Matani kachingweko pamalo pake ndi tepi yopyapyala yomata mbali zonse, kapena gulani katsopano. Mukatha, yendetsani diso uku ndi uku muone ngati kakupindika osatukuka.

Slim ilinso ndi vuto lina losavuta. Ili ndi timaswichi tomwe timauza makina kuti chivindikiro chatsekeka, kena kutsogolo pafupi ndi batani loyatsira, kena kumbuyo. Chivindikiro chikapindika kapena kaswichi kakadetsedwa, chimbale sichizungulira n'komwe. Dinikizani chivindikiro ndi dzanja pang'ono. Gemu ikayamba, diso lilibe mlandu.

Anthu amati PS1 uziitembenuza chadodolido. N'zoona?

N'zoona, ndipo chifukwa chake chimadziwika. Mitundu yoyambirira, SCPH-1000, 1001 ndi 1002, inali ndi kangolo kapulasitiki, ndipo diso linaikidwa pafupi ndi gawo lamagetsi lomwe limatentha. Pulasitiki imadyeka mbali imodzi, diso n'kupendekeka, osalunjikanso chimbale. Mavidiyo a m'gemu amayamba kudumphadumpha, kenako gemu imakaniratu. Mukatembenuza makina, kulemera kwa kangolo kumakabwezera pamzere. Pa mitundu yotsatira Sony inasintha kangoloko n'kusunthira diso kutali ndi kutenthako.

Kutembenuza n'kongopepesera, kudyekako kumapitirira. Chokhalitsa n'kusintha gawo lonse la diso. Nambala yake imayamba ndi KSM-440: AAM ndi ACM pa zoyambirira, ADM ndi AEM pa zapakati, BAM pa PSone yaing'ono ya 2000. Ambiri amaika BAM mu zoyambirira zija, atasintha kachivindikiro kapulasitiki kapamwamba kuti ikwane. Onaninso kagudumu kogwira chimbale pakati. Kamang'aluka, timipira take n'kutayika, ndipo chimbale chimangoterera mota ikuzungulira.

Ndaona pa YouTube akupotoza ka screw kakang'ono pa diso, makina n'kuyamba kuwerenga. Ndichite?

Funso ili ndi limene limandiwawa mtima. Kanthu kameneko ndi potentiometer, ambiri amangoti pot, ndipo kamawongolera mphamvu yopita ku laser. Pa PS2 tilipo tiwiri, ka CD ndi ka DVD. Mukatsitsa resistance yake, kutanthauza mmene kamatchingira magetsi, laser imawala kwambiri, ndipo diso lofooka likhozadi kuwerenganso. Koma laser ikamawala mopitirira, imatha msanga. Mukapyola malire, imapsa nthawi yomweyo osadzukanso.

Mnyamata wina anandibweretsera fat imene anasiyiridwa ndi malemu achimwene ake, itakulungidwa m'chitenje, memory card ili m'thumba la malaya. Anati, "Achimwene, ndinangopotoza pang'ono ngati mmene amachitira pavidiyo." Nditaunika ndinapeza timitu ta ma pot onse awiri titakalikakalika, tapotozedwa mpaka pothera. Pa lenzi panali fumbi lokhuthala moti ndinalikanda ndi thonje n'kusiya kanjira, ndipo pa kachitsulo kamazinga panali tsitsi lalitali litazengerera kasanu. Diso limenelo linali lisanafe. Linkangofuna kupukutidwa, ntchito ya mphindi khumi. Tinadikira milungu ingapo kuti lina lifike, ndipo lobweralo silinafike pa ubwino wa loyambalo.

Choncho pot ikhale yomalizira, mutapukuta, mutapaka girisi, mutayesa zingwe, ndipo mutavomereza mumtima kuti diso likafa mugula lina. Musapotoze mongoganizira. Yezani kaye resistance ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, makina ali ozima, mulembe nambalayo papepala. Gwirani pot ya mtundu wokhawo umene ukukana. Sunthani pang'ono kwambiri, ngati kukula kwa tsitsi, muyezenso, muyese chimbale. Ikangoyamba kuwerenga, imani pomwepo. Ngati mwatsitsa ndi gawo limodzi mwa magawo khumi koma palibe kusintha, bwezerani pa nambala yakale, vuto lili kwina. Wopanda multimeter asagwire pot.

Nanga giya loyera limene lili pafupi ndi njanji za diso mu fat?

Limakweza kapena kutsitsa njanji kuti diso lipenye chimbale molunjika. Silikhudza mphamvu ya laser, choncho silipha diso, ndipo nthawi zina limathandiza makina amene anagwapo. Lembani chizindikiro ndi cholembera pomwe lili musanalisunthe, kenako muzisuntha dzino limodzi kapena awiri n'kuyesa. Poyesa drive, gawo lonse lowerenga chimbale, ili yovundukula, ikani pamwamba pa chimbale kamaginito kozungulira kamene kamakhala m'chivindikiro chake, apo ayi chimbale chidzauluka.

Ndatsimikiza kuti diso lafa. Ndigule liti?

Musagule potengera dzina loti "PS2" lokha. Tsegulani muwerenge nambala yolembedwa pa diso lenilenilo, chifukwa makina awiri a nambala yofanana kunja akhoza kukhala ndi maso osiyana m'kati. Mu fat mupeza monga KHS-400B, KHS-400C kapena HD7. Mu slim muli SPU-3170, PVR-802W, TDP-182W ndi ena. Gulani lofanana ndi limene mwachotsa. Mu fat, makina amasunga m'chikumbumtima chake mtundu wa diso limene ali nalo, ndipo mukaika la mtundu wina pamafunika pulogalamu yosinthira zimenezo.

Kunena zoona, maso ambiri ogulitsidwa pa intaneti kuti ndi atsopano ndi ochotsedwa m'makina ena kapena ongotengera, ndipo ena amafika atafa kale. Ine ndimakonda kugula PS2 ina yakufa ndi matenda ena, monga yopsa gawo lamagetsi, n'kuchotsamo diso loyambirira. Mumapezamonso lamba, mota ndi zingwe zapadera.

Ndaika diso latsopano koma silikuyaka n'komwe.

Yang'anani kadontho ka mtovu. Maso atsopano amabwera ndi kadontho kowotcherera kolumikiza timiyendo pa kabolodi kake, koteteza laser ku magetsi a m'thupi la munthu pa ulendo. Kakapanda kuchotsedwa, diso siliyaka. Kasungunuleni ndi chowotcherera mwachangu, muonetsetse kuti timiyendoto tasiyana. Kenako onani ngati kachingwe kalowa mowongoka mpaka kumapeto, loko wake atatsekeka.

Zonsezi zikakhala bwino, vuto likhoza kukhala pa bolodi. Ma SCPH-50000 ena ndi ma slim oyambirira amadziwika kuti chip yoyendetsa drive, yotchedwa MechaCon, imasokonezeka ikakumana ndi chimbale choipa, n'kutumiza mphamvu yopitirira imene imawotcha timakoyilo ta lenzi kapena chip yozipatsa mphamvu. Mukaika diso lina pa bolodi lotere, nalonso likhoza kupsa. Apa pitani kwa mmisiri wodziwa kuyeza bolodi.

Zimbale zokopera zimaphadi diso? Nanga zokandika?

Chimbale chowotcha pa kompyuta sichibweza kuwala kofanana ndi chosindikizidwa ku fakitale, makamaka chikakhala chotchipa. Diso limavutika, limabwereza malo amodzimodzi, mota ndi kangolo zimagwira ntchito yowirikiza. Chokandika kwambiri chimachitanso chimodzimodzi. Mukamva makina akulimbana ndi chimbale kwa nthawi yaitali, chichotseni.

Popukuta chimbale gwiritsani kansalu kofewa, kuchokera pabowo kupita kunja, osati mozungulira. Pa CD, uthenga uli pansi penipeni pa chithunzi chapamwamba, choncho kukandika kwa pamwamba n'koopsa kuposa kwa kunsi. Chiyang'anitseni kudzuwa: ngati kuwala kukudutsa m'timabowo, pamenepo patha, palibe mankhwala. DVD imapirirako chifukwa uthenga wake uli pakati pa mapulasitiki awiri.

Achibale anditumizira makina kuchokera kunja. Pali chosamala?

Werengani kapepala ka kumbuyo musanalumikize. Magetsi a ku Malawi ndi ku Zambia ndi 230V, ofanana ndi a ku Britain, ndipo makina ochokera kumeneko amagwira bwinobwino. A ku America ndi a 120V, a ku Japan 100V. Fat kapena PS1 yochokera kumeneko mukailowetsa kukhoma popanda thiransifoma yotsitsa magetsi, imapsa pomwepo. Pa PS2 nambala yomalizira ya SCPH imakuuzani kwawo: 0 ndi Japan, 1 America, 3 Britain, 4 maiko ena a ku Ulaya. Slim zoyambirira zimadya 8.5V kudzera pa adaputa yakunja, musailowetse ya laputopu chifukwa choti pulagi yakwana.

Dera limakhudzanso zimbale. Makina a PAL, monga a ku Britain ndi ku Ulaya, sawerenga gemu ya ku America kapena ku Japan. Amaonetsa sikirini yofiira yopempha chimbale cha PlayStation, ndipo ambiri amaganiza kuti diso lafa pomwe lili bwinobwino. Magetsi akathima zulani pulagi, chifukwa pobwera nthawi zina amabwera ndi ukali.

Malangizowa akugwiranso pa Dreamcast, GameCube ndi Xbox?

Kupukuta, girisi ndi kusamala pot n'chimodzimodzi. Kusiyana kulipo pang'ono. Pa GameCube, imene imadya tizimbale ta masentimita 8, ma capacitor a pa bolodi la drive akafooka amaoneka ngati diso lafa. Dreamcast ikamangodziyambiranso yokha pakati pa gemu, pukutani timiyendo tolumikiza gawo lamagetsi ndi bolodi. Xbox yoyamba inkabwera ndi ma drive a makampani osiyana, monga Thomson, Philips ndi Samsung, ndipo mukaitsegula onaninso capacitor ya wotchi, imene pa mitundu yambiri imatayikira n'kudya bolodi.

Ndingasewere osagwiritsa diso n'komwe?

Inde, ndipo kwa amene amayatsa makina tsiku lonse, monga a m'malo osewetsa magemu, iyi ndiye njira yosungira diso. Fat za SCPH-30000 mpaka 50000 zili ndi mphako kumbuyo momwe mumalowa hard disk kudzera pa network adapter. Ndi memory card yokhala ndi mapulogalamu a Free McBoot ndi Open PS2 Loader, mumakopera zimbale zanu zomwe mu hard disk n'kumasewera kuchokera mmenemo, mwachangu kuposa pa chimbale. Flash ya USB imagwiranso, koma madoko a PS2 ndi USB 1.1, ochedwa, choncho mavidiyo a m'magemu ambiri amadukaduka. Pa slim pali MX4SIO, imene imalowetsa SD card pa malo a memory card. Pa PS1 pali XStation, yolowa m'malo mwa drive yonse, koma imafuna wodziwa kuwotcherera timiyendo ting'onoting'ono, ndipo imakwana pa mitundu ina yokha.

Ngakhale mutatero, pa PS2 drive musaichotse n'kutaya. Ipukuteni, muipake girisi, ndipo kamodzi pamwezi muziikamo chimbale choyera kuti mota ndi kangolo ziziyendako. Makina akazima n'kuzizira afundikeni nsalu, akhale pashelefu osati pansi, kutali ndi mbaula, ndipo kumbuyo kwake kutalikirane ndi khoma ngati chikhatho chimodzi kuti fani izipuma.